Mlatho wa a Yoswa Makwinja

A Yoswa Makwinja anali munthu wamfupi, wa khosi lonenepa, woyenda ngati pansi pamene akupondapo anachita kugula. Kwawo kunali kuseri kwa Naisi, koma ku Domasi anabwerako ali mnyamata kudzakwatira mayi Eluby. Monga mwa mwambo wa kuno, mwamuna ndiye amatsata mkazi. Anamanga nyumba pamalo a akuchikazi, nalima munda wa akuchikazi, nabereka mwana mmodzi, Tawina, yemwenso anali wa mbumba ya akuchikazi. Kunena mosapsatira, a Yoswa anali mkamwini. Mkamwini ngakhale amere imvi pamudzi, amakhalapo chifukwa cha mkazi wake ndi mtima wa alamu ake. Mkazi akatsogola, eni mbumba amakhala pansi n'kuona ngati munthuyo amusunge kapena amusudzule azipita kwawo. Zimenezi aliyense kuno amazidziwa. A Yoswa okha ndi amene anaziiwala.

Chinawaiwalitsa ndi Joni. Anapitako maulendo anayi kukagwira ntchito m'migodi, ndipo Theba, ofesi yotumiza anthu kumigodiko, itatsekedwa anabwerera ndi jasi lalitali lofika m'mawondo, chipewa cholimba cha mumgodi, ndalama pang'ono, ndi mawu a Chingerezi okwana m'dzanja limodzi amene ankawatulutsa pofuna kutseka anzawo pakamwa. Jasilo ankalivala ngakhale mu Okotobala, thukuta lili chuchuchu, kuti anthu asaiwale kumene anachokera.

Mudziwo uli tsidya lina la mtsinje wa Domasi. Chigayo, msika, sukulu, tchalitchi ndi msewu wa minibasi, zonsezo zili tsidya linalo. M'chilimwe anthu ankangoponda pamiyala n'kuwoloka. Koma dzinja likafika mtsinje umenewu suseka ndi munthu. Madzi amatsika kuphiri ali ofiira, akugubuduza miyala ndi zitsa, ndipo wofuna kukagayitsa ankazungulira mpaka kumlatho wa pamsewu wa tala, ulendo wopita m'mawa n'kubwerako dzuwa litapendeka, dengu lili pamutu.

M'chaka cha 1991 a Yoswa anaimirira anthu atangotuluka m'tchalitchi, nakhosomola kawiri, nanena kuti iwo amanga mlatho. Malo anali atawaona kale, pamene mtsinje umapanikizika pakati pa matanthwe awiri, m'munsi mwa dimba la mpunga la a Isaki. A Isakiwo anali mlongo wawo wa mayi Eluby, ndiponso mwini mbumba, munthu wosayankhulayankhula. Analoleza malowo osapempha kanthu.

"Ine sindikufuna kudyera munthu," anatero a Yoswa, dzanja lili pachifuwa. "Muzingoponya faifi tambala wapansi, teni tambala wanjinga. Ndalama ya matabwa ndi misomali ikangobwerera, basi, buliji ndi yanu. Mulungu akumva."

Amayi analulutira. Mulungu anamvadi, ndipo anthu nawonso anamva.

Tisawanamizire a Yoswa, mlathowo anaumanga bwino. Anagula mitengo iwiri ya bulugamu yowongoka, nagulanso matabwa a paini kwa ocheka a kuphiri. Amuna a m'mudzi anakoka mitengoyo ndi zingwe tsiku lonse osalandira kanthu, poti ankati akukokera chinthu chawo chomwe. Dzinja loyamba anthu ankaponya tambala zawo m'chitini akuseka. Mayi wina amene matenda a uchembere anamuyamba mvula ili pakati anawoloka pamenepo nakachira bwino, ndipo mwanayo anamutcha Yoswa. Chaka chimenecho a Yoswa akanafa, maliro awo akanadzaza chigwa chonse.

Koma sanafe. Anakhala ndi moyo, nagula mpando wa ndalema, namangirira nsungwi yopingasa pakhomo pa mlatho, nakhala pansi. Kukhala kumeneko kunawakomera kuposa ntchito iliyonse imene anagwirapo chibadwire. Khasu analisiyira mayi Eluby. M'bandakucha iwo anali atafika kale pampando, jasi lili m'thupi, chitini chili pakati pa miyendo, maso ali kunjira.

Podzakolola mpunga kachiwiri, panalibe wofunika kupita kusukulu kuti adziwe kuti matabwa aja anabweza kalekale. Nyumba ya a Yoswa inali itavala malata, pakhonde patatsamira njinga yatsopano. Nsungwi ija inali pomwepo.

Woyamba kufunsa anali mayi Scholastica, wogulitsa mpunga kumsika, mkazi wosaopa nkhope ya munthu. Anatula dengu lake pamaso pawo tsiku lina m'mawa, anthu ali pamzere.

"A Makwinja, kodi matabwa amenewa anali agolide? Chaka chachitatu chino tikulipirabe. Paja munati ikabwerera basi?"

A Yoswa anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kuduku.

"Mayi, inu munapitako ku Joni?"

"Ndikatani?"

"Ndiye simungadziwe. Buliji imafuna mentenansi."

Mawu amenewa anakhala chishango chawo zaka zonse zotsatira. Ukafunsa za lonjezo, mentenansi. Ukaloza thabwa lothyoka, mentenansi ikubwera. Mawuwo pawokha si olakwika, poti paini amawoladi ndipo misomali imachita dzimbiri. Akanakhala munthu wina, akanati, abale, ya matabwa yabwerera, tsopano tiziponya pang'ono pokha pogulira thabwa likathyoka, ndipo palibe akanakana. Koma mentenansi ya a Yoswa sinagulepo msomali ndi umodzi womwe. Thabwa likathyoka ankalitembenuza. Likathyokanso ankauza anthu kuti azilumpha, ati maso anawapatsiranji.

Ndiye panali luso lawo lolipiritsa, loti munthu ukaliona umasowa chochita, kaya kuseka kaya kulavula. Mbuzi inkalipira payokha. Wopanda ndalama ankasiya dzira kapena kapu ya mpunga, ndipo kapuyo inali yawo ya a Yoswa, yaikulu ngati ya tiyi wa pamaliro. Mayi wina anaiwala sefa kuchigayo, nabwerera kukaitenga, ndipo analipira kupita, nalipiranso pobwera. M'chilimwe, madzi akaphwera anthu n'kuyambanso kuponda pamiyala, a Yoswa ankadwala nazo mumtima. Ankaimirira pamlatho n'kumakuwa kuti m'madzimo muli likodzo, ngati kuti thanzi la anthu linawasowetsapo mtendere.

Mavoti a 1994 atadutsa, kwacha inagwa, zinthu zinakwera, ndipo a Yoswa anakweza nawo mpaka fifite tambala. Anthu atadandaula kuti nthawi yokakamizana inatha, iwo anayankha kuti ufulu umene wabwerawu ndi ufulu wa bizinesi. Ndale anazimvetsa mofulumira kuposa aphunzitsi.

Amene ankasenza manyazi onsewa anali mayi Eluby. Kumtondo ndi kuchitsime nkhani inkaduka iwo akangofika. Abale awo enieni, ana a mimba imodzi, ankalipira kuti aponde pamalo a amayi awo owabereka. Madzulo ena anawakhalira pansi amuna awo.

"Bambo a Tawina, chotsani nsungwi ija. Anthu atopa nanu."

"Atope. Akatopa azikawoloka pa tala."

"Mukuiwala kuti pano mpakwathu. Ine ndikadzangotseka maso, amene adzanene zoti mukhale kapena muzipita ndi omwewa mukuwalipiritsawa. Mkamwini asamakule mwendo."

A Yoswa anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine mkamwini? Zaka sate ndili pano! Nyumba ya malata m'mudzi muno ndi ya ndani? Andichotse aone ngati awoloke."

Umo ndi mmene ankaganizira. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mudzi ukupuma chifukwa cha iwo, ndipo kuti anthu akamawapatsa moni wa mawu awiri n'kudutsa, ndiye ulemu umenewo. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la a Yoswa linali litachita chikanga.

Chaka cha 1996 mayi Eluby anayamba kudwala chifuwa chosamva mankhwala. Anaonda, khasu linawakanika, ndipo Tawina, amene tsopano anali pabanja pake ndi mwana kumsana, ndiye ankalima minda iwiri. Tsiku lina Loweruka matenda anakula. Tawina anathamangira kumlatho kukauza bambo ake kuti atenge njinga apite nawo kuchipatala.

"Lero? Tsiku la msika?" anatero a Yoswa. "Ndikachoka pano aliyense adutsa mwaulere. Kauze amalume ako."

A Isaki anabwera ndi njinga yawo yakale, anamangirira mtsamiro pakaliyala, nakwezapo mlongo wawo. Iwo ankakankha, Tawina atawagwirira kumbuyo kuti asagwe. Atafika pamlatho anapeza nsungwi ili chipingasire, anthu a kumsika ataima pambali kuti odwala adutse.

"Alamu, tsegulani," anatero a Isaki.

A Yoswa anadzuka, nayang'ana akazi awo, nayang'ananso khamu lija. Anaopa chinthu chimodzi chokha, chakuti akatsegulira mmodzi, mawa aliyense adzabwera ndi wodwala wake.

"Odwala ndi ulere, alamu, amenewo palibe vuto," anatero mokweza kuti onse amve chifundo chawo. "Koma njingayo ilipire. Lamulo ndi lamulo."

Ngakhale mayi Scholastica, amene pakamwa pawo sipankatsekeka, anangogwira chibwano. Mayi Eluby anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso. A Isaki anapisa m'thumba, naponya ndalama m'chitini, ndipo kulira kwa ndalamayo anakumva aliyense amene anali pamenepo. A Yoswa anakweza nsungwi, nawauzanso kuti asamale thabwa lachisanu ndi lofooka.

Mayi Eluby anamwalira mu Disembala. Masiku atatu a maliro nsungwi inachotsedwa, ndipo anthu a kumishoni anawoloka mwaunyinji kudzaimba. A Yoswa analira ndithu, misozi yeniyeni, poti mkaziyo ankamukonda mwa njira yawo yopotokayo. Koma anthu anaonanso kuti gulu lililonse likamatulukira kuchokera kumtsinje, milomo yawo inkagwedera ngati akuwerenga. Tsiku lachinayi m'mawa nsungwi inabwerera pamalo pake.

Mu Febuluwale a Isaki anatumiza mawu ku Naisi kuti akuchimuna abwere, nkhani ya kusudzula ikambidwe. Kunabwera nkhoswe imodzi yokha, a Henderson, msuweni wawo wa a Yoswa, nkhalamba yoyendera ndodo imene inavomera ulendowo chifukwa chosowa wina womutuma. Ku Naisi kuja a Yoswa anali asanapondeko zaka khumi, ngakhale pamaliro a alongo awo. Malo awo anagawana kalekale adzukulu amene sankawadziwa n'komwe nkhope.

Tawina ankazidziwa zimenezi. Dzulo lake anapita kwa amalume ake, nagwada pakhomo, nalira.

"Amalume, ndikudziwa zimene anachita. Koma ndi bambo anga. Akapita kumeneko akafera pakhonde la eni ake. Ndani akawapatse madzi?"

A Isaki anati amva.

M'mawa mwake anthu anasonkhana pabwalo la nyumba ya malata ija. Mvula inali itagwa masiku atatu kuphiri, ndipo mkokomo wa mtsinje unkamveka mpaka pamenepo. A Isaki anayankhula motsitsa mawu, maso ali pansi.

"Alamu, mwakhala nafe zaka zambiri. Mlongo wathu wapita. Mwambo mukuudziwa, tikanatha kungokusudzulani lero. Koma mwana wanu watipempha, ndipo ife tamvera. Nyumbayi khalanimo mpaka Mulungu adzakuitaneni. Munda Tawina azikulimirani. Tikupempha chinthu chimodzi. Chotsani nsungwi ija. Ulalo uja ukhale wa anthu monga munanenera pa tchalitchi. Likathyoka thabwa tizisonkherana tokha."

A Henderson anawomba m'manja mofulumira, nkhope itamasuka. Anali asanaonepo akuchikazi ofatsa chotere. Anatembenukira kwa msuweni wawo n'kuwanong'oneza kuti athokoze msanga anthu asanasinthe maganizo.

Munthu wanzeru akanagwada. Ngakhale chitsiru wamba chikanagwada. Koma a Yoswa m'mawu onse aja anamvamo chinthu chimodzi chokha, chakuti anthuwa akuwopa. Anaganiza kuti akuwanyengerera chifukwa popanda iwo sangawoloke. Anaimirira, nakonza kolala ya jasi.

"Choyamba, si ulalo, ndi buliji. Chachiwiri, ndi yanga. Thabwa lililonse, msomali uliwonse, ndinagula ndi thukuta la ku Joni. Mukandichotsa ine, mwachotsa buliji. Sankhani."

"Ababa!" anakuwa Tawina.

"Iwe khala chete, izi ndi za akuluakulu."

A Isaki anadzutsa mutu koyamba tsiku limenelo, nawayang'ana alamu awo m'maso.

"Mwanena zoona, alamu. Ndi yanu. Mkamwini akamapita amanyamula zake, zathu amasiya. Takusudzulani. Nyamulani buliji yanuyo."

A Yoswa anadikira kuti wina aseke, kapena kuti amayi ayambe kuwapepesa. Anthu anangodzuka mmodzimmodzi, akukutumula fumbi kumbuyo. A Henderson anatola ndodo yawo, napukusa mutu, nati iwo atsogola, akafuna akawapeza ku Naisi. Anawoloka mlatho uja osaponya kanthu.

Apa mpata unalipobe. Akanatha kupita kuseri kwa nyumba ya a Isaki ndi nkhuku m'manja, ndipo nkhani ikanatha. M'malo mwake analowa m'nyumba, natenga hamala ndi mgwala, navala chipewa cha mumgodi chija, nalunjika kumtsinje. Mumtima ankati akangozula thabwa loyamba, mudzi wonse ubwera ukuthamanga kudzawagwira manja.

Anayambira mbali ya kumudzi, akubwerera chafutambuyo. Anazula loyamba, nalinyamula kukaliponya tsidya la kumsewu, nayang'ana kunjira. Kunalibe munthu. Anazula lachiwiri, lachitatu. Anthu ochepa anabwera ndithu, koma anangoima patali pamwamba pa dimba, manja atapinda, ngati akuonerera ng'ombe ya eni ikudya chitenje. Matabwawo ankafumbutuka m'manja. Ena ankathyoka pakati asanafike nawo kumtunda, mkati muli chiswe chokhachokha. Chuma chonse chimene anakanira nacho nyumba ndi mwana chinali mulu wa nkhuni zonyowa zoti ngakhale wophika kachasu sangagule.

Pofika masana panatsala mitengo iwiri ya bulugamu ija, ili gone pamwamba pa madzi. Munthu wolimba mtima akanatha kuwolokabe pamenepo. A Yoswa anaziona zimenezo, ndipo zinawapweteka kuti wina adzaponda mwaulere. Anaima tsidya la kumsewu, nalowetsa mgwala pansi pa mtengo woyamba, nakanikiza ndi mphamvu zonse za ukalamba wawo. Mtengo unaterereka, unagwera m'madzi ndi chiphokoso, ndipo mtsinje unaunyamula ngati phesi. Wachiwiri unavuta, koma nawonso unapita.

Anaimirira akupuma mwawefuwefu, nayang'ana tsidya lija monyadira kuti aone nkhope za anthu. Anthu aja anali atayamba kale kubwerera kumudzi.

Ndi pamene anaona munthu mmodzi akutsika njira ya kudimba mothamanga. Anali Tawina, mwana ali kumsana, pamutu atasenza mtolo. Nthawi yonseyi iye anali kunyumba. Atalephera kuwaletsa bambo ake, anachita chimene chinatsala: anawachapira malaya, anapinda bulangete lawo, anakazinga nkhuku yake imodzi yokhayo, namanga mpunga m'kathumba kuti kumene akupitako asakafike chimanjamanja. Ankaganiza kuti awapeza akulimbana ndi thabwa lachiwiri, awaperekeze mpaka kumsewu, mwinanso m'njira awabweze mtima.

Anafika pathanthwe, naima. Anayang'ana pamene panali mlatho, nayang'ana madzi, nayang'ana bambo ake.

Pakati pawo panali mtunda woti munthu n'kuponya mwala osadzipweteka phewa. Tawina anakuwa mawu ena, koma mtsinje unawameza. A Yoswa anaika dzanja kukhutu. Iye anakuwanso, misozi ikutsika, akuloza mtolo uja. A Yoswa anayang'ana kumtunda ndi kumunsi kwa mtsinje ngati kuti pena pake pangapezeke powolokera, iwo amene ankadziwa bwino kuposa munthu aliyense kuti palibe. Anakweza dzanja kuloza kumlatho wa pa tala, koma dzuwa linali litapendeka kale, mitambo yakuda ikutsikanso kuphiri, ndipo mayi wa mwana kumsana sakanayenda ulendo umenewo.

Tawina anatula mtolo uja pathanthwe, pamalo pamene mpando wa ndalema unkakhala. Anamasula mwana kumsana, namunyamula m'mwamba ndi manja awiri kuti agogo ake amuone. Anamugwira choncho mpaka manja anatopa. Kenako anamuberekanso, natembenuka, nakwera njira ya kudimba osacheuka.

A Yoswa anakhala pansi pamulu wa matabwa awo. Mvula itayamba kudontha anali pomwepo, akuyang'ana bulangete lawo likunyowa tsidya lina.